Dzanja la Mwana wa M'khola

Pakhomo la kachipinda kawo panalibe chikwangwani, koma aliyense amene anali ndi woyera wothyoka ankadziwa kolowera: kuseri kwa tchalitchi, kupitirira mpopi wa madzi, pa chitseko chobiriwira chimene chinkafuna phewa kuti chitseguke. Mwini kachipindako anthu ankawatchula kuti Adokotala. Za mankhwala sankadziwa kanthu, ndipo jakisoni ankamuopa kuposa mwana. Odwala awo anali a pulasitala ndi a mtengo: Yosefe woyera wopanda mphuno, mngelo wa phiko limodzi, Amayi Maria amene penti inawathera m'zala chifukwa cha manja a anthu opemphera. Onsewa ankadikira pa shelefu mwaulemu, osadandaula za mzere.

Ntchitoyi anaiphunzira ali mnyamata kwa mkulu wina wosayankhulayankhula amene anajambula makoma a tchalitchicho. Mkuluyo anawasiyira maburashi, kampeni kokhota, ndi lamulo limodzi: usaumbe za m'mutu, pita ukaone. Adokotala analigwira lamuloli moyo wawo wonse. Akafuna ndevu za Petro woyera, ankakakhala kwa wometa ngati akudikira mpando. Mapazi a Amayi Maria a pambali pa guwa ndi a akazi awo, ndi kachala kopindika komwe. Ndipo wogulitsa nyama wa pakona anamwalira asakudziwa kuti mkono wa msilikali wokhoma misomali pa Njira ya Mtanda ndi wake.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anakulira m'kachipinda komweko. Anayamba kukwawa pakati pa zitini za penti, anaphunzira kuyenda atagwira mkanjo wa Antonio woyera. Atakula, diso lake pa mitundu linaposa la bambo ake. Iwo akasakaniza penti ya khungu, iye ankangoyang'ana n'kunena kuti, “Ababa, ameneyu akuoneka ngati wadwala malungo,” n'kudonthezamo kofiira pang'ono, woyera uja n'kuchira. Adokotala sankamuyamikira pamaso. Ankakamutamandira kwa anthu, iye kulibe.

Ndiye kunabwera wowotcherera zitsulo kudzaika zotchingira m'mawindo a tchalitchi. Anali mnyamata wofatsa, wa manja a zipsera, wopemphera ku mpingo wa makoma oyera opanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Ntchito ya mawindo inatha, koma iye sanasiye kudutsa pa mpopi paja. Tsiku lomwe anadzaonekera kwa makolo, anamulowetsa m'kachipinda kaja kuti aone ntchito ya apongozi ake. Anayang'ana shelefu yonse, n'kufunsa motsitsa mawu, ngati munthu wofunadi kudziwa:

“Bambo, kodi simuopa kuti awa ndi mafano?”

Adokotala anaika burashi pansi pang'onopang'ono.

“Mafanowa ndi amene anamulera mkazi mukumufunayo. Chitseko chake chimafuna phewa, mukankhe ndithu.”

Ku ukwati Adokotala sanapite, ati msana. Msana womwewo unawalola kukwera makwerero tsiku lomwelo kukapukuta nkhope ya mngelo pamwamba pa guwa. Mwana wawo anatsatira mwamuna ku mpingo wake, ndipo m'kachipinda muja munatsala oyera okhaokha, onse a khungu la malungo. Kunena zoona, Adokotala ankamusowa mwana wawo koopsa. Koma munthu amene amakonza mphuno za ena, yake ikatupa saiona.

Mdzukulu atabadwa, akazi awo ankapita kukamuona n'kubwerera akununkhira sopo wa makanda. Ankakhala pampando n'kumauza khoma kuti mwana wayamba kuseka, mwana ali ndi chipumi cha uje. Adokotala ankapala thabwa mwamphamvu ngati sakumva, koma thabwalo ankalipala malo amodzimodzi mpaka kukumbika.

Khirisimasi itayandikira, amayi osesa m'tchalitchi anatsitsa bokosi la zinthu za m'khola, lija la abusa, nkhosa, bulu ndi mwana Yesu. Bokosi linali litadyedwa ndi chiswe kunsi, ndipo linabooka, zonse n'kugwera pansi. Abusa anapulumuka, bulu anataya khutu, koma mwana anagwera mkono wamanja. Unathyoka pa chigongono, ndipo kadzanja kanasanduka ufa. Mayi amene anagwetsayo anabwera naye atamukulunga m'mpango wake, misozi ili chuchuchu.

“Musalire, mayi,” anatero Adokotala. “Anapirira zoposa izi ameneyu.”

Khutu la bulu analimaliza tsiku lomwelo. Dzanja ndiye linawakanika. Ankaumba, n'kuphwanya, n'kuumbanso. Zala zinali zisanu, zikhadabo zilipo, koma chinachake sichinkakhala. Akazi awo atabweretsa tiyi, ananyamula kadzanjako n'kukatembenuza pa kuwala kwa windo.

“Abambo, ili ndi dzanja la nkhalamba, kungoti lachepa. Onani mitsempha iyi, onani mfundo izi. Mwaumba lanu.”

Adokotala anayang'ana dzanja lawo, n'kuyang'ana la pulasitala. Zinali zoona. Panali patapita zaka zambiri chigwirire dzanja la khanda, ndipo maso anali ataiwala.

“Mkulu wanu uja ankati chiyani kodi?” anafunsa akazi awo akusonkhanitsa makapu. “Usaumbe za m'mutu...”

“Makanda ndi ambiri m'tchalitchi muno. Lamulungu ndikaona.”

“Ndi ambiri ndithu. Koma wanu ndi mmodzi.”

Lamulungu linafika, makanda analidi mbwee, ndipo Adokotala sanathe kuyang'ana ngakhale mmodzi. Aliyense akalira, mtima unkawapweteka. Mmawa mwake anavala jekete la ku misa, anakulunga mwana wothyoka uja m'nsalu yakale, anaika pensulo ndi pepala m'thumba. Akazi awo anawaona akutuluka, anangowakonza kolala.

Nyumba ya mkamwini inali kumapeto kwa msewu wafumbi, geti lake lokongola kuposa nyumbayo, monga zimakhalira kwa owotcherera. Atafika pakhonde anaima. Kulowa ndi phukusi lija m'nyumba ya munthu amene amati ndi fano, anaona kuti n'kuputa dala. Analiika pakhonde pafupi ndi nsapato, analikonza bwino kuti mutu usagunde simenti, n'kugogoda.

Amene anatsegula anali mwana wawo, thewera lili paphewa.

“Ababa.”

“Ndabwera pa ntchito,” anatero msangamsanga, maso ali pa chitseko. “Ndikufuna kuona dzanja la khanda. Ndikangojambula ndizipita.”

Mwanayo anagwira pakamwa, osadziwika ngati akuseka kapena akulira.

“Lowani, ababa. Manja alipo awiri, musankha nokha.”

Mdzukulu anali atagona chagada pa mphasa, akumenya mpweya ndi miyendo. Adokotala anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kutulutsa pensulo. Anatenga kadzanja kaja n'kukayala pachikhatho chawo. Apa m'pamene anaona pomwe ankalakwitsa. Pamene iwo ankaika mfundo, khanda lili ndi timaenje. Pa mkono pali mzere ngati wina anamangapo ulusi. Mitsempha kulibe, ndipo tizikhadabo n'topyapyala ngati khoko la anyezi. Ndipo dzanja la khanda silikhala lotambasuka ngati la wansembe podalitsa, limafuna chogwira.

Linapeza chala chawo chamkombaphala, chija chokhala ndi penti yosachoka m'mbali mwa chikhadabo, n'kuchifumbata.

Adokotala anayesa kuchikoka pang'ono, mwana anakanirira. Pensulo inagwa, inagubuduka mpaka pansi pa mpando, ndipo palibe anaitola. Anakhala choncho atagwada, misozi ikutsikira m'ndevu, osatha kuipukuta chifukwa dzanja linalo linali litatsamira pansi.

“Ndachedwa, mwanawe,” anatero osatembenuka.

“Mwafika, ababa. Chipumicho mwachiona? Amayi akuti ndi chanu.”

“Amako amanama. Changa n'chabwino kuposa ichi.”

Kunja mvula inayamba kuwaza pa malata. Adokotala anakumbukira phukusi lija, koma chala chinali chidakali m'ndende. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, mkamwini analowa atavala ovolosi, mapewa atanyowa, phukusi lili m'manja. Analinyamula ndi manja awiri, mutu uli pa chigongono, monga anazolowera kunyamulira wake.

“Bambo, mwatiyendera. Takulandirani.” Anawerama pang'ono. “Uyu ndamupeza pakhonde, akananyowa.”

“Ndinati ndisakulowetsereni m'nyumba zimene simufuna.”

Mkamwini anaika phukusi patebulo, nsalu inafunyululuka yokha, mkono wothyoka unaonekera, kawaya kakuda katatulukira pa chigongono. Anakagwira ndi zala n'kukapinda, ndipo kanathyoka ngati kachitsotso.

“Waya uyu wadyedwa ndi dzimbiri, bambo. Mukaumbirapo dzanja, chaka chamawa ligwanso.” Anakanda kumutu, akuyang'ana pansi. “Zopempherazi tisiyana ndithu, sindikunamizani. Koma waya ndimamudziwa. Ndili naye wosachita dzimbiri, ndikupindireni?”

Adokotala anamuyang'ana mnyamata wa manja a zipsera uja.

“Mupinde mokhota pang'ono,” anatero. “Bwerani muone mmene wagwirira apa.”

Mkamwini anagwada pambali pawo, ndipo amuna awiriwo anaweramira kadzanja kamodzi, akukangana motsitsa mawu za kapindidwe ka waya. Penti ya khungu anasakaniza mwana wawo, pa mbale yakale, khanda lili kumsana.

Pa Khirisimasi, abambo mfumu anaima pa khola n'kupendeketsa mutu.

“Adokotala, kale dzanjali linali lotambasula, lodalitsa. Bwanji lapindika?”

“Akugwira, abambo.”

“Akugwira chiyani?”

“Aliyense amene abweretse chala.”

Ana ndi amene anayamba kuzindikira. Ankafola kudzalowetsa chala m'kadzanjako, kenako amayi, kenako madoda ena poganiza kuti palibe akuwaona. Chaka chilichonse penti imatha pamenepo, ndipo chaka chilichonse Adokotala amaipakanso, tsopano manja akunjenjemera, mdzukulu atawagwirira chitini n'kumawauza kuti achepetsa kofiira.

Mkamwini m'tchalitchimo salowa mpaka lero. Akabwera kudzatenga mwana, amaima panja pa windo, n'kugwira zitsulo zimene anawotcherera yekha, n'kusuzumira kukhola.

“Bambo, waya uja akulimba?”

“Akulimba, mwananga,” amayankha Adokotala.