Zala zobwerera

Kulira kwa waya uja ndimakumvabe. Ndinaumanga kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi, ndipo agogo akamayenda ataugwira, chibangili chawo chinkakhula wayawo: tswii, tswii. Ndinkamvetsera phokoso limeneli m'mawa umene ndinaganiza zopita ku Joni. Ganyu wothyola tiyi anali atatha, ufa utatsala wa masiku awiri.

Agogo ndi amene anandilera makolo anga atamwalira. Maso awo anayamba kufa, makutu n'kutsatira. Kuyankhula ankayankhula bwinobwino, koma kuti amve zathu ndinkawauza ndi zala m'dzanja mwawo, mwa njira imene tinapanga awiriwiri. Zala ziwiri zikayenda padzanja n'kubwerera, ndiye kuti munthu wachoka koma abweranso. Zikayenda n'kukagwera kunja kwa dzanja, wamwalira. Tsiku lonyamuka ndinayendetsa zala n'kubweza katatu. Amake Joyisi, oyandikana nafe nyumba, analonjeza kuwasamalira.

Ku Joni ndinkasesa pamalo pomwe ankapanga golovesi yamawaya. Ankati munthu wosaona ndi wosamva akamayankhula ndi zala, golovesiyo izizindikira n'kulemba mawu pafoni. Atamva za agogo, anandiveka. Dzanja langa linaphunzitsa makina awo miyezi inayi, malipiro ali a tsache omwe aja. Koma ndikabweza zala, foni inkalemba kuti "wapita". Ndikagwetsa zala, "wapita" yemweyo.

"Sizofanana izi," ndinamuuza mkulu wa ntchitoyo.

"Zimenezo n'za kunyumba kwanu. Makina sangasunge za banja lililonse."

"Nanga munandivekeranji?"

Anaseka, n'kundilozera tsache.

Anzanga ogona nawo chipinda chimodzi ankaimba foni n'kumva mawu a kwawo. Ine ndinkatumiza ndalama n'kumva amake Joyisi. Yankho linali limodzi: "Ali bwino, Fesitoni. Akungoliralira, ukalamba."

Patatha zaka zitatu ndinatsika minibasi pa Chinakanaka, n'kukwera kabaza mpaka kwathu. Waya unali utachita dzimbiri. Agogo anali pakhonde, ataonda, m'mutu atameta. Ndinawagwira dzanja. Anafufuza chipsera cha chikwanje pachala changa chachikulu, anachipeza, n'kuchotsa dzanja lawo msanga.

"Musandiseweretse. Fesitoni anafa."

Ndinaitana amake Joyisi n'kuwatambasulira dzanja langa.

"Tandionetsani zimene munkawauza."

Anayendetsa zala ziwiri mpaka zinagwera kunja.

"Si mmene unkachitira iwe? Akafunsa kuti uli kuti, ndinkawauza kuti wapita."

"Kangati?"

"Nthawi iliyonse akafunsa."

Kulakwitsa zala sindiwaimba nako mlandu. Sindinawaphunzitse, ndipo zimenezo n'zanga. Koma agogo pakamwa ali napo. Ananena mokweza kuti ndamwalira. Analira maliro, anapempha lumo, anagawa zovala zanga. Ndalama zanga zikafika ankati n'chipepeso. Mudzi wonse unamva, unati nkhalamba yasokonezeka, ndipo zovalazo unalandira. Palibe anaganiza zondiuza pafoni, kapena kukhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi mayiwa tawauza chiyani. Ndinkakwiyira anthu a ku Joni kuti sasamala za kwathu, osadziwa kuti akwathu nawonso anatopa nako kumvetsera kalekale.

Ndinabwerera kwa agogo, n'kutenganso dzanja lawo. Ndinayambira kunja, kumene zala zinagwera, n'kuziyendetsa pang'onopang'ono kulowa m'kati. Chizindikiro chimenecho tinalibe. Ndinabwereza. Kachitatu anazifumbata zala zanga mwamphamvu, mpaka zinawawa.

"Nanga tsitsi langa?" anatero.

Tili chikhalire choncho, abambo ake a Joyisi anafika atapinda kanthu kukhwapa. Inali jekete yanga yakale yabuluu, yong'ambika pachigongono.

"Anandipatsa okha," anatero akuyang'ana pansi. "Yachapidwa."

Anaiika m'manja mwanga n'kutembenuka.