Mpendero wa nsalu ya paguwa

Pa sukulu ya masisitere ku Kawale kuja, phunziro limene linkandisowetsa mtendere silinali Masamu kapena Chingerezi ayi. Amenewo ndinkakhoza bwinobwino. Ngakhale pa Chipembedzo, mafunso a katekisimu ndinkayankha ngati ndikumwa madzi. Londisautsa linali la zosoka, Lachitatu lililonse tikachoka ku buleki. Anyamata ankanyamula makasu kupita kudimba la sukulu, ife atsikana a Sitandade 6 n'kukhala pakhonde, aliyense ndi singano, ulusi ndi kansalu kake.

Vuto langa linali limodzi: ndine wamanzere. Asisitere amene ankatiphunzitsa sankafuna n'kumva komwe. Ndikangogwira singano kumanzere, lula pazala, phwa! "Dzanja limenelo si logwirira ntchito yaulemu," ankatero. Ndiye ndinkasoka ndi lamanja, zotuluka zake ngati papalasa nkhuku. Kunyumba nako amayi ankadana nalo dzanjalo, moti zigamba za yunifolomu yanga ndinkasoka mobisa, koma mizere yake inkawongoka bwino.

Pambali panga pankakhala mtsikana wa ku Biwi, mnzanga ndithu, tinkagawana chinangwa pa buleki. Kusoka kwake kunali kwa pakatikati, koma kumwetulira, eee, ankakutha! Asisitere akanyamula kansalu kake m'mwamba n'kumati, "Onani mnzanuyu," ine ndinkayang'ana kumbali. Ndinali ndi nsanje, sindibisa. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha anyamule kanga.

Pasaka itayandikira, Asisitere analengeza kuti asankha mtsikana mmodzi woti asoke mpendero wa nsalu yatsopano ya paguwa. Ndinapita nako kunyumba kansalu kanga, ndinakasoka ndi lamanzere, luso langa lonse ndinathera pomwepo. Lachitatu anakalandira, kukatembenuza uku ndi uku, kenako n'kundiyang'ana.

"Wakusokera ndani? Amayi ako?"

"Ndasoka ndekha, Asisitere."

"Bodza pa Lenti? Soka pano tione."

Lula inali pamiyendo pawo. Ndinagwira singano ndi lamanja, zinatuluka zokhotakhota. Atsikana onse anaseka, ndipo nsalu ya paguwa anampatsa mnzanga uja. Tsiku limenelo ndinaweruka ndekha, osamudikira.

Patangotha masiku anayi mnzangayo anatulukira kwathu masana, nsalu ili m'jumbo, maso ali psuu. Anali atasoka kachigawo kosaposa chikhatho, kusoka n'kumasula, kusoka n'kumasula, mpaka m'mphepete munayamba kuda ndi thukuta.

"Iwe mnzanga, ndithandize. Ndikapanda kumaliza Asisitere andimaliza."

Ndikanamukana. Pakamwa panali patakonzeka kale kumuuza kuti walira mvula walira matope. Koma nditaigwira nsaluyo, yoyera mbee, yosalala, manja anakana kuibweza. Ndinadziuzanso kuti Asisitere akadzaona ulusi wopendekera mbali inayo, kasokedwe ka munthu wamanzere, adzazindikira okha mwini wake, achite manyazi. Ndinasamba m'manja ndi sopo, tinayala mphasa kuseri kwa nyumba, amayi ali kumsika kogulitsa tomato. Masiku atatu ndinasoka, iye ntchito yake kunditungira ulusi pasingano basi. Anailandira Asisitere osafunsa kanthu.

Pa Misa ya Pasaka tchalitchi chinadzaza, ena anaima m'mawindo. Ine maso anali paguwa, pa mpendero wanga. Unagona bwino, abale, osakwinyika pena paliponse. Ulaliki sindinaumve.

Nthawi ya zolengeza, abambo mfumu anayamikira sukulu yathu, nati maphunziro si a m'buku okha, a manja nawonso ndi maphunziro. Kenako anaitana mtsikana amene anasoka nsalu ya paguwa kuti abwere kutsogolo. Mwendo wanga unasuntha wokha. Amene anadzuka ndi mnzanga uja, n'kuyenda mwaulemu, kugwada, kulandira kolona yabuluu ndi manja awiri. Nthungululu zinalira tchalitchi chonse, Asisitere akuomba m'manja kuposa aliyense. Pobwerera pamalo pake anadutsa pafupi ndi benchi yathu, maso ali pansi.

Amayi anandigunda ndi chigongono.

"Ukuona ana a anzathu? Iwe ndi dzanja lako lopotokalo udzatisangalatsa liti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Koma kwaya inali itayamba kale nyimbo, ndipo amayi anali ataimirira, akumuimbira nthungululu mwana wa eni.