Kabati ya Kubafa kwa Amayi

Ndinakwatiwa m'zaka za Chitaganya ndi mmisiri wa matabwa amene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Monga mwa mwambo wathu, iwo ndiwo anabwera kudzakhala kwathu ku Milonde, pachikamwini. Kuntchito kunali kutali, ankabwerako miyendo itatupa. Kukomboni ya esiteti anali atawalonjeza nyumba ya njerwa, ndipo ndisaname, ine nyumbayo ndinkaifuna kuposa iwo. Chotsala chinali chimodzi: amayi anga avomere kuti amuna anga anditenge.

Amayi ankangoti, "Mkamwini wanji wosasiya chizindikiro pamudzi? Manja akewo adziwike kwa azungu okha?"

Mawu amenewa ndinakafikitsa ndine, popeza mkamwini ndi apongozi sankayang'anizana. Akakumana panjira, wina ankalowa m'munda wa chinangwa.

Nthawi imeneyo amuna anga anali atangomaliza kukhomera dona wa ku esiteti kabati ya kubafa, yokhala ndi bowo pamwamba lokhazikamo beseni, zitseko ziwiri pansi, ndi kalilole. Inawalowa m'mutu. Anati apongozi awo awapangira yoteroyo. Ndinawakumbutsa kuti bafa lathu ndi mpanda wa udzu, miyala yopondapo ndi mphika wa madzi, komanso kuti amayi amasamba chonjuta. Anandiyankha kuti chitukuko chimayamba ndi kuimirira.

Anakagula matabwa a mkungudza kwa anthu ocheka kuphiri. Loweruka lililonse masana ankacheka ndi kupala pansi pa mtengo wa mango, bwalo lonse n'kumanunkhira. Vuto linabwera pa muyeso. Kabati yotere imayenera kulekeza m'chiuno mwa mwiniwake. Nanga mkamwini n'kuyesa chiuno cha apongozi? Kungotchula kokha, amuna anga ankatuluka thukuta. Anandituma ine, atandipatsa bango.

Ndinadikira amayi akusinja. Ndinaimika bango kumbuyo kwawo ngati ndikuingitsa nkhuku, n'kudinda ndi chala pamene panali chiuno. Anatembenuka, musi uli m'manja.

"Iwe! Ukundiyesa bokosi ndikadali moyo?"

Ndinathawa chala chikadali pabango.

Kabati inatha, ndipo inali yokongola, chilungamo chake. Matabwa analumana osaonetsa msomali, zitseko zinkatseka mwakachetechete. Tinainyamula awiri mpaka pakhomo la mpanda, pomwe amuna anga anaitula n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, chifukwa kubafa kwa apongozi sakanapondako. Ndinaikoka ndekha, miyendo yake ikutitimira m'matope.

Amayi anaizungulira, manja ali kumbuyo.

"Bowoli analakwitsa?"

"Ndi lokhazikamo beseni, amayi."

"Madzi azituluka pati?"

"Tizitunga kumtsinje monga kale."

"Ehe. Ndiye ndizisamba choimirira kuti odutsa azindiwerenga imvi pamwamba pa mpanda?"

Koma anatsegula chitseko cha kabatiyo, nanunkhiza m'kati, kenaka anakumana ndi nkhope yawo m'kalilole. Anakonza duku. Anakonzanso. Analamula kuti chinthu chotere chisayandikire madzi, chilowe m'nyumba. M'kati anasungamo nsalu zawo zakutchalitchi, pabowo anavundikirapo lichero. Azimayi ankachokera mpaka ku Chitakale kudzaona kabati yosambira imene sinalaweko ngakhale dontho, ndipo amayi ankawauza kuti mkamwini wawo amaphunzitsa azungu ntchito.

Nditaona kuti mtima wawo uli m'malo, ndinagwada pakhonde.

"Amayi, chizindikiro chija chaoneka. Tinganyamuke tsopano?"

Anandiyang'ana ngati ndapempha mbewu yosungira kuti ndikazinge.

"Mwana iwe, mutu ukuyenda? Akanakhala waulesi ndikanati mutengane lero lomwe, ndipume. Koma munthu wa manja otere ndimupereke kwa azungu? Kamuuze kuti chitseko changa chikukhula pansi."

Ndinalira ndi ukali, ndipo sindinadye tsiku limenelo. Amuna anga, amene anamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe, anangopita kukatenga zipangizo zawo. Choipa kwambiri n'chakuti ankamwetulira. Apongozi anali atawayamikira, ndipo zimenezo zinawakwanira.

Nyumba ya njerwa inapatsidwa kwa mmisiri wina amene matebulo ake ankagwedera. Amuna anga anayenda njira ija wapansi mpaka mawondo anakana. Onse awiri, iwo ndi amayi, anatsogola kalekale. Mkungudza suola, chiswe sichiudya. Kabati imene inapangidwa kuti indichotse pamudzi pano ikadali m'chipinda mwanga, ndipo inenso ndikadali pompano.