Tcheni cha njinga yanga sichinagwe chokha

Amene mumandidziwa kuno kwa Mavwere mukudziwa kuti ine sindifuna chokuzira mawu. Ndikaima pa Kamwendo n'kuitana munthu, agalu a ku Zambia amauwa. Kutchalitchi kwathu belu linasweka kalekale koma palibe anadandaula, poti ndikayamba nyimbo ine, ngakhale ali kudimba amadziwa kuti mapemphero ayamba. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2. Buku la nyimbo ndimangolinyamula kuti manja asasowe chogwira, nyimbo zonse zili m'mutu muno. Amanditcha a Mkuzamawu, ndipo dzinalo ndimalikonda.

Lachitatu lapitali mawu amenewo anandithawa.

Ndinkachokera kumsika pa njinga, dzuwa litapendeka pang'ono. Kumapeto kwa mudzi wathu ndinapeza chikhamu pakhomo pa mayi Esinati. Mayiwa ndi amasiye. Anabwera ndi amuna awo kuchokera kummwera kudzalima fodya pa esiteti ngati matenanti, bambowo n'kumwalira konkuno, iwo n'kusowa kobwerera. Amapemphera nafe, ndipo amakhala benchi limodzi ndi akazi anga, Nabanda. Kuno alibe mlongo, alibe malume, alibe aliyense woti n'kuwaimira pamlandu.

Sabata yatha kunamwalira mwana wa mwini chigayo. Abale ake anapita kukaombeza, ula n'kugwera mayi Esinati. Kodi inu munaonapo ula ukugwera munthu wa abale ambiri?

Anyamata anabwera ndi zikwanje ndi machesi. Denga la khitchini anali atasasula kale. Ankati mayiwo achoke dzuwa lisanalowe, apo ayi nyumba ipsa iwo ali momwemo. Mayi Esinati anali atakhala pakhonde, atakumbatira kachitenje kamene anamangamo tizovala tawo.

Ndiye mukuganiza kuti mkulu wa mpingo, mwini mawu ngati bingu, anatani?

Ndinatsika njinga, n'kuikokera kuseri kwa mtengo wa mango, n'kugwada, n'kuyamba kugwiragwira tcheni. Tchenicho chinali bwinobwino. Ndinachita kuchigwetsa ndekha ndi chala ichi.

Mng'ono wake wa mwini chigayo, amene ankatsogolera anzakewo, anandiona.

"A Mkuzamawu, bwanji lero mwangoti zii? Kapena nanunso mumadya naye limodzi?"

"Ndikungodutsa ine, bwana."

Bwana. Mwana amene ndinamuona akuthamangitsa nkhuku wopanda kabudula, ndinamutcha bwana. Mawu anganso anatuluka ngati a kamwanapiye konyowa. Mayi Esinati anamva. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuweramitsa mutu.

Nthawi yomweyo anatulukira Nabanda akuchokera kudimba, dengu la mpiru lili pamutu. Akazi anga ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Sanafunse kuti kwagwanji. Anatula dengu, anadutsa pakati pa zikwanje ngati akudutsa m'munda wa chimanga, anakakhala pakhonde phewa ndi phewa ndi mnzawo. Kenaka anayamba nyimbo ija yonena kuti Mulungu ndiye pothawira pathu.

Apa ndinene chilungamo: Nabanda kuimba sadziwa. Chikwatirirane ndakhala ndikuwaletsa kuyamba nyimbo pagulu. Amayambira kumwamba kwenikweni, kumene ngakhale kabawi safika. Amayi ena amene anaima chapatali anayesa kulandira, mawu n'kuwathera pakhosi. Anyamata anayamba kuseka.

Ndisakunamizeni, chimene chinanditsegula pakamwa si kulimba mtima ayi. Ndinanyansidwa kuti nyimbo yabwino chonchi ikuonongeka ine ndili pomwepo. Ndinaitsitsa n'kuiyamba pamalo pake, ndili chigwadire kuseri kwa mango, manja ali bii ndi girisi.

Nyimbo imeneyo ndaiimba pamaliro osawerengeka, koma tsiku limenelo mawu ake anandibwerera ngati akunenedwa ndi munthu wina. Mtima unandifunsa: iwe nkhalamba, ukufuula kuti Mulungu ndiye pothawira, nanga kuseri kwa mango ukufunako chiyani? Mango ndiye anakufera pamtanda?

Miyendo inandinyamula. Ndinakaima pakhomo penipeni pa nyumbayo, nyimbo ili pakamwa. Mantha sanachoke. Anangopeza kuti m'chifuwa mwalowa china chachikulu kuposa iwo.

Amayi aja analandira, ndipo amene ankaonerera patali anayamba kuyandikira, kumakhala pakhonde mmodzimmodzi. Anyamata aja ambiri ndi obatizidwa, ndipo ena mwa oimbawo anali amayi awo owabala. Uotcha bwanji nyumba mayi ako atatsamira chipupa chake? Wamachesi anawabweza m'thumba. Mtsogoleri wawo analavula pafupi ndi phazi langa, nati tionana. Anachoka akutukwana.

Chichitikire zimenezi anthu akundiyamikira. Pachigayo pomwepo, pamjigo, paliponse akuti mawu a Mkuzamawu anabalalitsa anyamata. Ndikamva choncho nkhope imandilemera. N'chifukwa chake ndalemba izi ndi dzanja langa losazolowerali, kuti mudziwe amene anayamba kukhala pakhonde paja. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Yanga inang'ambika Lachitatu, anaisoka ndi mkazi wosadziwa kuimba.

Koma kodi ndine ndekha?

Nthawi ya chipani chimodzi tinkati tili chete chifukwa wolankhula ankangosowa ngati singano mu udzu. Chabwino, tinavota, matipate inabwera. Lero m'minibasi aliyense ndi katswiri, timadzudzula nduna, timadzudzula aphungu, mpaka malovu kuuma. Anthu amenewo ali kutali, satimva. Koma mnansi wopanda abale akazingidwa pakhomo pake masana dzuwa likuswa mtengo, tonse matcheni amagwa. Wina wakumbuka mbuzi imene sanamange. Wina mimba yamupota. Amuna tinalipo ambiri tsiku lija, ndinawaona, aliyense ndi mtengo wake wobisalako.

Lamulungu m'mawa anthu omwewa tidzaza tchalitchi, majekete osita, kuimba kuti sitiopa kanthu. Pabenchi n'posavuta kulimba mtima, palibe chikwanje. Ine ndakalamba ndikuganiza kuti chikhulupiriro chili pakhosi, kuti wofuula kwambiri ndiye wokhulupirira kwambiri. Nabanda andionetsa kuti chili m'miyendo, kumene ikukupititsa pamene mtima ukuti thawa. Nditawafunsa ngati sanaope, anati ankaopa kwambiri, koma anaganiza kuti Yesu akanadutsa pamenepo sakanapitirira ndi dengu lake.

Ndipo musaiwale, anzanga okalamba, kuti ula umakonda imvi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhaniyi sinathe. Mayi Esinati akugona kwathu, ndipo anyamata aja akumadutsa pakhomo panga akuimba mluzu. Ndikuopabe, sindibisa. Koma dzulo ndinakwera ndi mafupa angawa kukafolera khitchini ija masanasana, onse akuona, ndipo ndinkaimba ndili padengapo.

Chimene chikundiwawabe ndi ichi. Titafika kunyumba Lachitatu lija, Nabanda anandibweretsera madzi osamba m'manja. Anayang'ana girisi, anandiyang'ana ine, n'kufunsa ndi timawu tawo tating'ono tija:

"Bambo a Josofati, tcheni chija mwachikonza?"

Ine mwini mawu ndinangoviika manja m'madzimo.

Nanga inu amene mukuseka nkhalamba ino, tcheni chanu chinagwera pakhomo pa yani?