Munda wa a Gerishon Pakati pa Shire

A Gerishon Kamwendo a ku Matope ankakonda kunena kuti iwo ndi Shire anakulira limodzi, kungoti nzeru zonse anatenga ndi Shire. Anabadwira m'mbali mwa mtsinjewo koma kusambira sanakudziwe. Usodzi anauyesa ali mnyamata, bwato n'kumangozungulira pamodzimodzi, mpaka anzawo anawapempha kuti azitsala kumtunda aziwamba nsomba. Ntchito imeneyo ndiyo anakula nayo: kuwamba milamba, kuimanga panjinga, n'kukagulitsa ku Lisungwi.

Chimene anali nacho chochuluka ndi mbiri ya mtsinjewo. Agogo awo aamuna anali amtengatenga, aja ankasenza katundu wa azungu pamutu kuchokera ku Chikwawa, kudzera ku Blantyre, kudzatula pa Matope. Pakati ponsepo mtsinje ndi mathithi okhaokha, sitima sizikanadutsa. Pa Matope ndi pomwe katundu ankakwezedwanso m'sitima zopita kunyanja. A Gerishon ankafotokozera zimenezi aliyense wogula nsomba, wofuna ndi wosafuna yemwe. Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira ankawatchula ngati ana awo, chonsecho pa onsewo anaonapo Nkula yekha, ndiponso ali pamwamba pa lole.

Inalipo nkhani ina imene bambo awo anawasiyira. Akuti kalekale nyanja inatsika, mchenga unatseka pamene Shire amatulukira ku Mangochi, madzi n'kuleka kuyenda kwa zaka zambiri, moti anthu ankalima m'kati mwa mtsinje momwemo. Nkhani imeneyi ndiyo inawapweteketsa.

Matipate atangoyamba kumene, mvula inavuta zaka zotsatizana. Shire anaphwera, ndipo pakati pake, moyang'anana ndi mudzi wawo, panatuluka chilumba cha thope lakuda bii. Masiku amenewo aliyense ankakamba za ufulu. Wina anatsegula okala, wina anayamba kugulitsa kaunjika pamsewu. A Gerishon anaona kuti ufulu wawo ndi chilumbacho. Anauza akazi awo, mayi Felista, kuti zakale zija zabwereranso, mtsinje ukuuma, ndipo woyamba kukhoma chikhomo ndiye mwini munda. Mayi Felista sanatsutse. Anangofunsa ngati mvuu nazo zinauzidwa za matipatewo.

Madzi anali olekeza m'mawondo, choncho ankawoloka wapansi, khasu paphewa. Chimanga chinamera ngati chikuthamangitsidwa. Mwezi wa Okutobala, dziko lonse lili mbuu, pakati pa mtsinje panali biriwiri, ndipo anthu odutsa ankaima kuyang'ana. A Gerishon anamanga msasa pachilumbapo, n'kuyamba kuwatchula malowo kuti esiteti. Ngakhale kayendedwe kawo kanasintha. Ku Lisungwi anayamba kuuza anthu kuti nsombazi akugulitsa pongowamvera chisoni.

Chimanga chitamasula ngayaye, mvuu zinabwera n'kudya mbali yonse ya kumpoto. Iwo anati umenewo ndi msonkho, boma lililonse limatenga.

Tsiku lina mu Disembala mvula inagwa yamphamvu kumtunda, cha ku Ntcheu ndi Balaka, Rivirivi ndi timitsinje tina n'kukhuthulira zonse mu Shire. Pa Matope dzuwa linali likuswa mtengo. A Gerishon anali kupalira masana, akuimba, ndipo atatukula mutu anaona madzi asanduka ofiira, atanyamula zitsa ndi namasupuni. Pamene ankawolokera paja panali patamira kale. Anayesa kuponda, madzi anawakoka mwendo, iwo n'kubwerera msangamsanga. Anathyola zinsononkho zingapo n'kuziponya m'malaya, kenaka anakwera padenga la msasa ndi khasu lija, n'kuyamba kukupiza chipewa.

Kumtunda anthu anasonkhana. Ena ankaganiza kuti mwini esiteti akungowapatsa moni, moti anakupizanso manja. Mayi Felista ndiwo anathamangira kwa mchimwene wawo, a Lameki, amene anali msodzi, ndipo posakhalitsa bwato linafika m'munsi mwa msasa, madzi atayamba kugwedeza nsichi.

"Alamu, tiyambe ndi inu kapena khasu?" anafunsa a Lameki.

"Yambani khasulo. Ndi la mlongo wanu, ndikakafika popanda ilo bola ndingotsala konkuno."

M'bwatomo anagona chafufumimba, maso ali tsinzinu, atagwira mwendo wa mlamu wawo. A Lameki anawapempha kangapo kuti awasiye apalase bwino, koma iwo sanamve. Bwato litagunda kumtunda anakhalabe chigonere mpaka mayi Felista anawauza kuti adzuke, anthu akuwaona. Atacheuka anapeza msasa ukupita cha ku Nkula, denga lili pamwamba.

Madzulo ake anatulutsa zinsononkho zija kuti aotche. Zinali zisanakhwime, njere zake zamadzi okhaokha. Anakhala pakhonde n'kudya zonse, akuti munthu sangalime osalawa zokolola zake. Mayi Felista anawapatsa mchere.

Dzina loti a Esiteti linawakanirira, ndipo iwo sanalikane. Sabata yotsatira anakwera njinga kupita ku Lisungwi ndi milamba yawo, akudziwa kuti mbiri yawatsogolera kale. Asanayambe kusekedwa anayamba iwo eni kufotokoza, osabisa ngakhale za mwendo wa a Lameki, ndipo nsomba zinatha dzuwa lisanapendeke. Chaka chotsatira analima tomato pa kadimba ka kwawo kwa akazi awo, pamalo okwera amene mayi Felista anasankha okha. A Gerishon ankakatunga madzi kumtsinje ndi kheni, ataima pouma. Tomatoyo anabereka bwino, ndipo aliyense akawayamikira ankamuuza kuti akayamike mwini nzeru, iwo ndi aganyu chabe.