Nainjini ndi njinga ya bambo ake

Mumsewu mwathu timamutchula Nainjini, ngati kuti injini ndi mfunda. Dzinali linayamba ngati chipongwe koma linamatirira, moti ngakhale ana ake ukawafunsa kuti ndinu ana a yani amayankha choncho.

Poyamba sankagwira njinga. Ankakonza makina osokera m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, momwe munali tebulo limodzi ndi fungo la oyilo. Mwamuna wake atapita kutali kukasaka ntchito n'kungozimirira komweko, iye anatenga ana n'kubwerera kwa bambo ake.

Bambo akewo anali ogawa buledi. Kuyambira paunyamata wawo ankamanga bokosi lamatabwa pakaliyala, kuchokera kubekale kukasiya buledi m'magolosale a kumtunda. Koma ukalamba suchita odi. Mawondo anayamba kutupa. Akafika pachitunda ankatsika n'kumakankha, pofika n'kupeza ogawa anzawo atasiya kale wawo. Madzulo mwana wawo ankawathowa ndi madzi otentha, iwo maso ali kudenga.

"Bambo, pumulani tsopano. Ndizikudyetsani ine," anatero tsiku lina.

"Ukandikhazika pakhonde pano, uyambiretu kufuna bokosi lina lija, losanyamulira buledi," anayankha bambowo.

Nainjini sanaseke. Patapita masiku anaona kainjini kakang'ono m'sitolo ya zitsulo, komangirira panjinga yakapalasa. Anakagula, nagulanso njinga yakale yoti aphunzirirepo. Anaganiza kuti makina ndi makina: amene amadziwa m'mimba mwa makina osokera sangalephere kainjini konga mutu wa mbuzi. Anamanga, anathira petulo, kainjini kanalira. Anakwera yekha kukayesa.

Pamtsetse wa kumsika m'pomwe anadziwa kuti wamanga chilombo. Anagwira mabuleki, timphira tija tinangolira, njinga osaima. Tcheni chinakoka nsalu yake. Anakagwera m'ngalande, dzanja lamanzere n'kuthyoka pamfundo. Atabwerako kuchipatala, wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi kachipinda kake anatembenuza njinga ija n'kumusonyeza mng'alu pafelemu, pansi pa chishalo.

"Mlongo, mwapulumuka. Mwaipatsa miyendo ya galu, koma mafupa ndi a nkhuku," anatero. "Mukanakweza madala aja apa, bwenzi tikukamba zina."

Dzanja lili m'chikhakha, Nainjini anayambiranso, ulendo uno mosapupuluma. Anasiya njinga yakale ija. Anatenga ya bambo ake, ya felemu yochindikala, naikamo masipoko olimba ndi mabuleki a m'kati mwa gudumu, kutsogolo ndi kumbuyo. Wowotcherera uja anamupangira chotchingira tcheni. Paipi ya petulo anaidutsitsa kutali ndi potentha, ndipo pachogwirira chowonjezera moto anaikapo kabawuti koti ngakhale upotokole bwanji, njinga isapitirire liwiro la munthu wopalasa bwino. Dzanja litapola anadzaza njerwa m'bokosi la buledi n'kumatsika nazo mtsetse womwe uja, kuima, kukwera, kutsikanso, mpaka amayi a mumsika anasiya kumuyang'ana. Dzina lija linabadwira pamenepo.

Bambo ake anakana chisoti poyamba, ati amaoneka ngati kamba. Mwana wawo anati popanda chisoti palibe njinga. Anavala. Tsiku loyamba anakwera chitunda chonse osaponda pansi, ndipo madzulo anadya kwambiri kuposa masiku onse.

Kenaka anayamba kubwera anzawo. Wogulitsa mkaka anabwera ndi njinga yake, wonola mipeni nayenso, ndi madala ena amene ntchito inali ikadalipo koma miyendo itatha. Nainjini anasuntha makina osokera n'kuwaika pakona. Njinga iliyonse ankayamba waitembenuza n'kupapasa felemu ndi zala. Ikakhala ndi mng'alu ankaibweza, ngakhale mwini wake achonderere. Akamanga, ankapita ndi mwiniyo pabwalo la kuseri kwa sukulu kukamuphunzitsa kuima asanamuphunzitse kuthamanga, ndipo ankamuuza kuti azibwera nayo kudzamangitsa manati, poti injini imagwedeza chilichonse. Anyamata ofuna liwiro ankati achotse kabawuti kaja. Iye ankawalozera khomo, iwo n'kupita kwa ena. Choncho malonda ake sanakule kwenikweni, koma ana ankapita kusukulu atadya.

Zaka zinapitapo ndithu. M'mawa wina wogulitsa mkaka anafika pakachipinda paja, anazimitsa injini, koma sanatsike msanga.

"Mwana wanga, ndisakubisire," anatero. "Dzulo bambo ako anadutsa pamphambano ngati palibe munthu. Mayi wina wobereka mwana anachita kudumphira kumbali. Ndinawakuwira, ananditembenukira, koma sanandizindikire."

Madzulo Nainjini anawayang'anitsitsa bambo ake akudya. Anaona dzanja lawo likufufuza kapu patebulo, kuiphonya, kenaka kuipeza. Anawatengera kuchipatala. Adokotala anati maso akuzima kuchokera m'mbali, ndipo mankhwala angochedwetsa, sangabweze. Pobwerera bambowo anati adokotala ndi ana, njira ya buledi amaidziwa ngakhale atatsinzina.

Usiku womwewo Nainjini anamasula pulagi yoyatsira injini ya bambo ake n'kuiika m'thumba la epuloni.

Kutacha bambo ake anavala chisoti, anakankhira njinga kumsewu, anapalasa. Injini inangoti fwe, fwe. Anapalasanso mpaka mawondo anakana. Anatsika, anapapasa pamutu pa injini, chala n'kulowa pabowo. Anatembenuka. Mwana wawo anali pakhomo.

"Ndiwe?"

"Ndine, Bambo."

"Bweretsa."

"Sindibweretsa."

"Unandipatsa wekha. Sindinakupemphe."

"Ndinakupatsani kuti muzifika, Bambo. Mwana uja akanafa, mukanagona tulo? Nanga ine?"

Bambowo anavula chisoti, anachikoleka pahandulo, nalowa m'nyumba. Sanamulankhule mwana wawo mpaka nyengo inasintha. Chakudya ankalandira m'manja mwa adzukulu. Nainjini ankawathowabe mawondo madzulo aliwonse, onse awiri ali duu, kumangomveka madzi akudontha m'beseni. Anthu ena ankati wachita nkhanza. Achimwene ake anabwera kudzamukalipira, ati munthu wamkulu salandidwa chinthu ngati mwana. Iye anangowayankha kuti akafuna awatenge akakhale nawo, koma pulagi sapereka. Achimwenewo anabwerera okha.

Tsiku lina, maso atatsala pang'ono kutheratu, bambowo anamuitana.

"Kubekale analemba ndani m'malo mwanga?"

"Bambo wina wa ana atatu. Amakankha pachitunda paja."

"Umupatse njinga ija. Isachite dzimbiri pano. Koma umuphunzitse kaye kuima."

Za pulagi sanadzazitchulenso, ndipo sananenepo kuti mwana wawo anachita bwino. Anamwalira mvula itangoyamba. Pamaliro pawo madala aja anabwera ndi njinga zawo, ndipo atayandikira nyumba anazimitsa injini onse n'kuyenda wapansi.

Nainjini akadali m'kachipinda komwe kaja. Imvi zayamba, ndipo kukazizira dzanja lamanzere limamuvuta kugwira sipanala, moti manati olimba amamangitsa ndi lamanja lokha. Masiku ano munthu akabwera kudzagula, asanakambe za njinga amatuluka naye panja n'kumuuza kuti awerenge chikwangwani cha sitolo ya tsidya la msewu. Ena amaseka n'kuwerenga. Ena amakwiya. Mwezi wathawu wonola mipeni uja analephera, ndipo Nainjini anamuperekeza yekha kuchipatala cha maso.