Sabata Imodzi Imene Ndinawonjezera

Mundikhululukire kuti ndayerekeza kulemba, ine amene sukulu yonse ndinaphunzirira kumudzi ndipo sindinazolowere kuyankhula pagulu.

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume a ku Kawale, pa labu ina yochulukitsa mbewu ya nthochi m'mabotolo. Tinkadula kachidutswa ka mtima wa nthochi ndi kampeni kopukutidwa ndi spiriti, n'kukaika ndi chopanira pa jele wosakaniza ndi mankhwala. Mayi Phiri, otiyang'anira, anandiuza kuti maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta mbewuyo, ali ngati mpira pamwamba pa chulu: ukakankhidwa pang'ono umagwera mbali ya mphukira, ukakankhidwa mopitirira umagwera mbali ya chotupa, ndipo kumeneko subwerako. "Pakatha masabata atatu, samutsirani kachidutswako m'botolo lopanda mankhwala," anatero.

Panali Bambo Nyirenda a ku Area 25, okhalitsa pantchitoyo. Kawiri konse ndinawapeza atagwira mabotolo anga, ndipo nditalowa anangotsokomola. Ndinayamba kulemba kamzere ka choko pansi pa botolo lililonse, ndipo m'mawa wina ndinapeza angapo atachoka pamalo. M'minibasi ndinkangoganiza kuti bamboyo akufuna malo anga apatse m'bale wawo.

Tsiku lina Mayi Phiri anapeza shelefu yanga yodzaza ndi zotupa zachikasu, popanda mphukira. Anandikumbutsa kuti ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa. Ndinanena kuti a Nyirenda amagwira mabotolo anga.

Ataitanidwa sanakwiye. Ananyamula botolo limodzi n'kuloza tsiku limene ndinalembapo ndekha. Panali patadutsa masabata anayi. Ndinkawonjezera sabata dala, poti kwathu mbewu ikamakondwa suizula, ndipo ndinkafuna Mayi Phiri aone zonenepa.

"Mphwanga, ndinakuuzani za masabata atatu aja, inu munangoti chabwino bambo," anatero a Nyirenda. "Ndiye ndinkasamutsa tizidutswa timene ndinkatha, kuti musachotsedwe ntchito."

Anationetsa shelefu ya pansi, kuseri kwa mabotolo awo. Mabotolo okhala ndi choko changa anali pamenepo, ndipo pambali pake panali atsopano, obiriwira ndi mphukira.

Kuchokera apo ndimamvera tsiku lolembedwa pabotolo, osati maso anga, ndipo chimene sindinamvetse ndimafunsa. Mayi Phiri anandiwonjezera mwezi woyesedwa. Kalata yonditsimikiza pantchito anandipatsira pamaso pa a Nyirenda, choko chija chidakali m'thumba mwanga, Lachiwiri loyamba la mwezi wa Juni chaka chatha.